Munthu wa trans wa kwa Kapondo akafuna mahomoni: mafunso ndi mayankho

Nkhani ya anthu a trans ikamveka pa wailesi imakhala ya kukhoti, apo ayi ya zionetsero za mipingo. Za thanzi lawo sizikambidwa. Chonsecho anthuwa sabadwira ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha. Amabadwanso m'midzi ya kwa Kapondo ku Mchinji, amakulira m'minda ya fodya, mtedza ndi soya, ndipo amene wafika poganiza zomwa mankhwala osintha thupi amaganiza zimenezi ali yekhayekha, foni ili m'manja. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene iyeyo, mayi ake, kapena namwino wa pachipatala chakwawo angafunse. Tikukamba za anthu akuluakulu, osati ana.

Kodi munthu wa trans ndi wotani?

Ndi munthu amene mumtima mwake amadziwa kuti ndi mkazi kapena mwamuna mosiyana ndi zimene azamba analengeza tsiku limene anabadwa. Wobadwa ndi thupi lachimuna koma akudzidziwa kuti ndi mkazi ndiye mkazi wa trans. Wobadwa ndi thupi lachikazi koma akudzidziwa kuti ndi mwamuna ndiye mwamuna wa trans. Nkhani yakuti munthu amakopeka ndi ndani ndi ina, ngakhale ambiri timaziphatikiza. Tiwonge Chimbalanga atamangidwa limodzi ndi Steven Monjeza mu Disembala 2009 chifukwa cha chinkhoswe chawo ku Blantyre, nyuzipepala za kuno ndi za kunja zinkalemba za amuna awiri, pamene Tiwonge mwini wake ankanena kuti iye ndi mkazi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachotsa nkhaniyi m'gulu la matenda a maganizo. Mayiko anavomereza kusinthaku mu 2019, ndipo kunayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Dokotala wotsatira sayansi ya lero samuona munthu wa trans ngati wamisala woti achiritsidwe. Chimene amathandiza ndi kuzunzika kumene ena amakhala nako thupi likamatsutsana ndi mmene amadzidziwira, kuzunzika kumene kumafikitsa ena podzipatula, kumwa mowa mwauchidakwa, ngakhale kuganiza zodzipha.

Nanga mahomoniwo amachita chiyani m'thupi?

Thupi la aliyense limapanga mahomoni a estrogen ndi testosterone, kusiyana kwake n'kuchuluka basi. Mkazi wa trans amapatsidwa estrogen wotchedwa estradiol, wa mapilitsi, wa jakisoni kapena womata pakhungu, nthawi zambiri pamodzi ndi mankhwala ofooketsa testosterone monga spironolactone kapena cyproterone. Mwamuna wa trans amapatsidwa testosterone wa jakisoni kapena wopaka.

Kusintha kumabwera pang'onopang'ono ngati mmene mwana amathera msinkhu. Mawere amayamba kuphuka pakatha miyezi 3 mpaka 6, n'kumakula kwa zaka 2 kapena 3. Khungu limafewa, mafuta amasunthira m'chiuno ndi m'ntchafu. Koma mawu amene anakula kale sabwerera, ndipo ndevu zimangochepa, sizitheratu. Kwa wobayitsa testosterone, msambo umasiya pakatha miyezi ingapo, mawu amakula m'chaka choyamba ndipo amakhala choncho mpaka kalekale, pamene ndevu zimatenga zaka kuti zidzaze. Kuchulukitsa mlingo sikufulumizitsa chilichonse mwa izi, kumangochulukitsa ngozi. Tidziwenso kuti si onse a trans amene amafuna mahomoni. Kwa ena, dzina limene amamva nalo bwino, zovala zake, ndi abale osawathamangitsa pakhomo, n'zokwanira.

Munthu wa kwa Kapondo angachipeze kuti chithandizochi?

Yankho lake ndi lowawa. Zipatala za boma m'Malawi zilibe kiliniki yopereka mahomoni kwa anthu a trans, ndipo kilinishani alibe ndondomeko ya dziko lino yoti atsegule n'kutsatira. Njira ya odwala onse timaidziwa: chipatala chaching'ono chakumudzi, kenako chipatala cha boma pa Mchinji, kenako Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pa Boma. Pa njira yonseyi palibe chitseko chimene munthu angagogode n'kunena kuti wabwerera zimenezi. Zotsalira ndi kupeza dokotala wa chipatala cholipira amene wavomera kumumvetsera, kufunsa njira ku mabungwe monga CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance amene amagwira ntchito ndi anthu a trans, kapena kugula yekha mankhwala. Nawonso mabungwe otere anagwedezeka boma la United States litaimitsa thandizo lambiri la kunja mu Januwale 2025, moti malo ena othandizirako anthu osalidwa pa nkhani ya HIV anatsekedwa kapena kuchepetsa ntchito.

Malangizo a akatswiri, monga a bungwe la WPATH amene anatuluka mu 2022, amati munthu aziyezetsa magazi miyezi 3 iliyonse m'chaka choyamba. Wokhala m'tauni ya Lilongwe angathe. Wa kwa Kapondo ayenera kulipira kabaza kukafika pamsewu waukulu, minibasi yopita ndi yobwera, ndalama ya kulabu, kenako n'kupeka nkhani youza akunyumba za kumene wapita. Ndalama ya mlimi nayo imabwera pakamodzi, msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo ndi mtedza ukagulidwa. Mu Januwale ndi Febuluwale ya mchere yomwe imasowa. Mankhwalawa ndi ochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zakunja inathawa. Mapeto ake n'kumwa miyezi ina n'kusiya miyezi ina, zimene zimasokoneza tulo ndi maganizo, thupi n'kumangopita uku ndi uku.

Ndichifukwa chake ine ndimati tisanayambe kuwerenga zizolowezi za munthu, kuti amasuta kapena amamwa, tiyambe tawerenga mtundawu ndi umphawiwu. Zimenezi sanazisankhe, koma ndi zimene zimalamula ngati adzayezedwe magazi kapena ayi.

Kodi lamulo limaletsa kumwa mahomoni?

Ayi, palibe ndime imene imatchula mahomoni. Zimene zimaopsa anthu ndi ndime 153, 154 ndi 156 za lamulo la milandu, zimene zimagwiritsidwa ntchito polanga kugonana kwa amuna okhaokha, chilango chake chachikulu kukhala zaka 14, ndi ndime 137A yokhudza akazi okhaokha imene inayamba kugwira ntchito mu 2011. Vuto n'lakuti lamulo limamuwerenga mkazi wa trans ngati mwamuna. Lamulo la maukwati la 2015 limachita kunena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi malinga ndi mmene anabadwira.

Tiwonge ndi Steven anagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, n'kukhululukidwa ndi Bingu wa Mutharika patangopita masiku ochepa, mlembi wamkulu wa United Nations Ban Ki-moon atafika m'dziko muno. Mu 2021 khoti la ku Mangochi linagamula Jana Gonani, mkazi wa trans, zaka 8 pa milandu imene inaphatikizapo ndime 153. Iye ndi munthu wina, Jan Willem Akster, anakatsutsa ndimezi kukhoti, koma pa 28 Juni 2024 oweruza atatu anati sizikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo ofuna kuti zisinthe apite ku Nyumba ya Malamulo.

Munthu safunika kumangidwa kuti lamulo limuvulaze. Pachipatala chakumudzi, namwino ndi mlamu wa amalume, mlonda amapemphera mpingo umodzi ndi amayi, ndipo onse okhala pabenchi ndi odziwana. Amene akuopa kuti mawu ake adzafika pachitsime asanabwerere kunyumba sanganene zoona za mankhwala amene akumwa. Koma malamulo aakulu omwewo, pa ndime 19, 20 ndi 21, amateteza ulemu wa munthu aliyense, amaletsa tsankho, ndipo amateteza chinsinsi chake. Palibe lamulo louza wa zaumoyo kuti akanene munthu kupolisi chifukwa ndi wa trans, ndipo kusunga chinsinsi cha wodwala ndi lamulo la ntchito yake.

Mapilitsi akulera ali ndi estrogen, ndipo kuchipatala ndi aulere. Bwanji osangomwa amenewo?

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu, ndipo ndikupempha aliyense amene akuwerenga kuti akauzeko mnzake. Mapilitsi akulera a mphamvu ziwiri monga Microgynon ali ndi ethinylestradiol, estrogen wopangidwa mosiyana ndi wa m'thupi. Ameneyu amachititsa chiwindi kutulutsa zinthu zambiri zoundanitsa magazi. Madokotala a ku Amsterdam, amene athandiza anthu a trans kwa zaka zambiri, anaona kuti akazi a trans omwa mtundu umenewu ankadwala kuundana kwa magazi mochuluka kwambiri, ndipo lero malangizo a akatswiri amauletsa pa chithandizochi. Sawonekanso pa kuyeza kwa estradiol kwa nthawi zonse, choncho ngakhale dokotala sangadziwe kuti m'thupi mwachuluka bwanji. Ndiye pali chizolowezi chomwa mapilitsi awiri, atatu kapena kuposa pa tsiku poganiza kuti mawere abwera msanga. Mlingo wotere palibe mayi aliyense wolera amene amapatsidwa.

Zizindikiro zake muzidziwe. Mwendo umodzi kutupa, kutentha ndi kupweteka pakatumba. Kubanika mwadzidzidzi, kubaya pachifuwa, kutsokomola magazi, zimene zimasonyeza kuti magazi oundanawo athothoka n'kukatseka m'mapapo. Mutu woopsa, kukhota pakamwa, kufooka mbali imodzi ya thupi. Chilichonse mwa izi n'chothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena masana, osayamba kaye mwayesa panado. Mukafika, tchulani dzina la mapilitsi ndi kuchuluka kwake, chifukwa kilinishani wosauzidwa adzaganiza za chibayo kapena malungo, nthawi n'kumapita.

Mankhwala ogula pamsika kapena kwa munthu wa pa WhatsApp ali ndi vuto linanso: sadutsa ku bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndiye palibe wotsimikiza zimene zili m'botolo. Obayitsa asabwerekane singano ngakhale ndi mnzawo wapamtima, chifukwa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B amadutsira pomwepo.

Bwanji madokotala amalimbikira kwambiri za fodya?

Ku Mchinji fodya ndiye malata, feteleza ndi fizi ya ana. Kumulima si nkhani yathu pano. Nkhani ndi kusuta, kaya ndudu ya m'golosale kaya chingambwe chopichira papepala. Utsi umawononga mkati mwa mitsempha ndipo umachititsa magazi kuundana msanga. Estrogen wakumwa amakankhira mbali yomweyo kudzera m'chiwindi. Ziwirizi zikakumana, makamaka mwa munthu amene wayamba kukula, wonenepa kwambiri kapena wa BP, chiopsezo cha sitiroko ndi kutsekeka kwa mitsempha chimakwera. N'chifukwa chomwechi malangizo a kulera amati mayi wosuta wa zaka 35 kupita m'tsogolo asamwe mapilitsi a mphamvu ziwiri. Kwa mkazi wa trans wosuta, dokotala amasankha estradiol womata pakhungu, amene sadutsa kaye m'chiwindi, koma ameneyo ndi amene amasowa kwambiri kuno.

Mwamuna wa trans nayenso si wotetezeka. Testosterone amachulukitsa maselo ofiira a magazi, fodya nayenso amachita chimodzimodzi, magazi n'kukhuthala kuposa muyeso.

Koma pali chinthu chimene a zaumoyo ena amalakwitsa. Kumuuza munthu kuti adzabwerenso akadzasiya fodya si kumuteteza. Amatuluka n'kukagula mapilitsi akulera, fodya akusutabe. Malangizo a masiku ano amati wosuta athandizidwe kusiya uku akupatsidwa mtundu wa mankhwala wochepa ngozi. Ndipo tizifunsa chimene chikumusutitsa. Munthu wotukwanidwa pamsewu tsiku ndi tsiku, wogona ndi mantha kwawo komwe, sasiya ndudu chifukwa chakuti wakalipidwa.

Nanga mowa, chakudya ndi ntchito ya kumunda?

Kachasu ndi chiwindi sizigwirizana kale, ndipo cyproterone amatha kuvulaza chiwindi chomwecho. Amene ali ndi hepatitis B ayenera kusamala kuposa onse, ndipo ambiri amene ali nayo sadziwa mpaka atayezetsa.

Spironolactone ndi mankhwala okodzetsa amene amasunga mchere wa potassium m'thupi. Mu Okutobala, pothirira nazale ya fodya kapena popanga mizere dzuwa likuswa mtengo, womwa mankhwalawa amauma msanga, amachita chizungulire, mwinanso kugwa. Azimwa madzi ambiri. Akatsegula m'mimba kapena kusanza apite kuchipatala asanamwe piritsi lotsatira, chifukwa impso zikauma potassium amakwera mpaka kusokoneza kugunda kwa mtima. Bulufeni womwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana, ndi mankhwala ena a BP monga enalapril, amaonjezera vuto lomwelo.

Pali china chimene mabuku akunja sachilabadira koma mlimi achiganizire: estrogen amachepetsa minofu ndi mphamvu zake. Khasu ndi thumba la chimanga zidzalemera kuposa kale, ndipo kwa wodalira ganyu zimenezi zimakhudza chakudya cha pakhomo. Ntchito ya manja payokha ndi yabwino ku mtima ndi mafupa. Amuna a trans amene amamanga chifuwa apewe bandeji ndi nsalu zothina mpaka kulephera kupuma bwino, asagone atamanga, ndipo amasule akamagwira ntchito yolemetsa padzuwa.

Ndimamwa ma ARV. Kodi sangaphe mphamvu ya mahomoni?

Mantha amenewa ndi ofala pakati pa akazi a trans m'mayiko ambiri, ndipo amachititsa ena kudumphitsa ma ARV. Musatero. Kuyambira 2019 dziko lino linasamutsira anthu ambiri ku mankhwala a 13A, amene muli dolutegravir, ndipo ameneyu salimbana ndi estradiol kapena testosterone. Amene amatha kuchepetsa estradiol m'magazi ndi efavirenz wa mu 5A wakale uja, komanso rifampicin wa mu mankhwala a TB. Ngakhale pamenepo, chochita n'kuuza dokotala kuti aunikenso mlingo wa mahomoni. Mankhwala a TB ndi a HIV sasiyidwa.

Mapilitsi a PrEP oteteza ku HIV sachepetsa mahomoni. Womwa estradiol azimwa PrEP tsiku lililonse, osati njira ija yomwa pokhapokha pamene akukagonana.

Kodi munthu angadzaberekenso?

Funsoli ndi lolemera m'banja la Chichewa kapena la Chingoni, kumene ana ndiwo mbumba, ndipo liyenera kufunsidwa munthu asanayambe. Estrogen amachepetsa mbewu ya abambo, ndipo kwa ena sibwerera ngakhale atasiya. Testosterone amaimitsa msambo koma si njira yakulera: mwamuna wa trans angathe kutenga pathupi, ndipo testosterone amavulaza mwana wosabadwa. Njira zakulera monga Depo, Implanon ndi lupu angathe kugwiritsa ntchito. Ndipo popeza Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha anthu ambiri, aliyense amene ali ndi chiberekero aziyezetsa, ngakhale ali ndi ndevu ndipo akuchita manyazi kukhala pamzere wa amayi. Namwino woganiza bwino angamuuze kuti abwere nthawi imene anthu achepa.

Malire ali pafupi. Kuwoloka sikungathandize?

Kuchokera pa Boma la Mchinji, Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, ndipo anthu a ku Mchinji amadutsa pa Mwami ngati akupita kumunda. Koma lamulo la Zambia ndi lowawa kuposa lathu: chilango cha kugonana kwa amuna okhaokha chimayambira zaka 15 mpaka moyo wonse kundende. Mozambique inachotsa ndime zoterezi m'malamulo ake mu 2015.

Kumene kuli njira yooneka ndi ku South Africa. Lamulo lawo la 2003 limalola munthu kusintha pa chiphaso chake zoti ndi mwamuna kapena mkazi, zipatala monga Groote Schuur ku Cape Town ndi Steve Biko ku Pretoria zimathandiza anthu a trans, ndipo mu 2021 bungwe la Southern African HIV Clinicians Society linatulutsa malangizo a chithandizochi olembedwera dziko la South Africa. Tiwonge naye anakakhala ku Cape Town mothandizidwa ndi bungwe la Gender DynamiX. Komabe Joni ili ndi zake: mapepala, mizere yodikira, kusowa ntchito, ndi chidani kwa alendo. Wobwerera kumudzi ayenera kufunsiratu kuti mankhwala akadzatha adzatani, ndipo atenge kalata ya dokotala yotchula dzina la mankhwala, mlingo ndi zotsatira za magazi. Pa basi ya ulendo wautali wodutsa Tete ndi Zimbabwe, womwa estrogen azitsika n'kuyendayenda paliponse pamene basi yaima ndipo azimwa madzi, chifukwa kukhala mopinda miyendo nthawi yaitali kumaundanitsa magazi.

Ine ndine kholo. Ndapeza mapilitsi m'chikwama cha mwana wanga. Nditani?

Amayi, abambo, musayambe ndi kuitana anthu. Mukhoza kukhala ndi mafunso ambiri a chikhulupiriro ndi a mwambo, ndipo sadzatha lero. Chofulumira n'kudziwa dzina la mapilitsiwo, kuti akumwa angati, ndiponso ngati akusuta. Kuwataya m'chimbudzi n'kumuthamangitsa pakhomo kumangomupititsa m'tauni kumene alibe pogona, ndipo kumeneko HIV ndi nkhanza zimamupeza msanga. Ngati pali malume womvetsa zinthu, mwini mbumba amene sathamangira kuulutsa nkhani, akhoza kumuperekeza kuchipatala.

Namwino kapena kilinishani wa chipatala chaching'ono, wopanda mahomoni m'famase, angachite chiyani?

Zambiri, ndipo ndi zipangizo zimene ali nazo kale. Atseke chitseko. Afunse munthuyo dzina limene akufuna kuitanidwa nalo. Afunse mosaopseza kuti akumwa kapena kubaya chiyani, anazitenga kuti, ndipo anayamba liti. Ngati ndi mapilitsi akulera, afotokoze ngozi yake momveka bwino, chifukwa uthenga umodzi womwewu ungapulumutse moyo. Ayeze BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, ayeze HIV ndi hepatitis B, apereke makondomu ndi PrEP kapena alozere kumene zikupezeka. Womwa spironolactone kapena cyproterone amulembere kalata yokayezetsa impso ndi chiwindi pa chipatala chachikulu. Amufunsenso za tulo, za mowa, ndiponso ngati anaganizapo zodzipha. Funsoli silimupatsa munthu maganizo oipa, limamupatsa mpata wolankhula.

Palibe chimodzi mwa izi chimene chikufuna kuti wa zaumoyo asiye mpingo wake kapena aphwanye lamulo. Ndi ntchito yomwe amachitira wosuta aliyense ndi aliyense wogula mankhwala pamsika. Polemba m'buku la kuchipatala akumbukire kuti bukulo limapita kunyumba, kumene aliyense angathe kulitsegula, choncho agwirizane kaye ndi mwini wake zoti zilembedwemo ndi mmene zilembedwere.